Kulengeza Kwachitatu

Rumphi Boma,
16 Julayi 2024.

Okondedwa achemwali anga a Rahab,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi amayi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo ya ku Nyika ikutiumitsa zala m'mawa. Kalatayi muyambe mwawerenga nokha, kenaka muwawerengere amayi atakhala pansi.

Za mpingo wathu wa Nyali ya Chipulumutso mukudziwa, poti kwanukonso anatseka. Kuno kunabwera wapolisi ndi bambo wina wa ku boma Lachinayi lapitali. Anawerenga kalata yonena kuti boma lathetsa mpingowu chifukwa cha zimene a Mtumwi ankaphunzitsa ku Lilongwe, zoti odwala ataye mankhwala. Kalatayo anaimata pachitseko, n'kukhoma loko.

Achemwali, ndiulule, mpingo sindinaulire kwenikweni. Mayi Isabella amene ndimawagwirira ntchito ya pakhomo ndi namwino, ndipo amandiuza mmene amafikira kuchipatala anthu otaya mankhwala. Chimene ndinalirira ndi ukwati wanga. Mawu a amayi mukuwadziwa, akuti ukwati wosalengezedwa katatu pamaso pa anthu ndi wakuba, ndipo iwo sangapondeko. Wanga ndi a Hezron unali utalengezedwa kawiri, kutatsala Lamulungu limodzi lokha. Abusa a Thomson anakwera minibasi ya ku Mzuzu tsiku lomwelo, mpaka lero foni yawo sikupezeka.

Ndinaimbira a Hezron kuntchito kwawo ku geti ya Thazima, polowera ku paki ya Nyika. Anati, "Usalire Anesi, tikamangitsa kwa DC. Kumeneko amamata mayina pabolodi, si kulengeza komweko?" Ndinati bolodi silankhula, ndipo amayi sawerenga.

Mayi Isabella atandiona ndikulira pochapa anati, "Iwe, madzi m'besenimo ndi okwana, usawonjezere. Ine ndine wa CCAP, koma mtengo wanga wa mangowu sunabatizidwe kulikonse. Bwerani mudzapemphere pansi pake. Koma kaye ukafunse wapolisi uja."

Mukundidziwa, ine munthu woopa ngakhale kufunsa mtengo wa tomato. Loweruka ndinamupeza wapolisiyo kumsika akugula nyemba. Ndi a Limbikani, kwawo ku Ntcheu. Ndinawazungulira kawiri ndisanatsegule pakamwa.

"Bwana, kodi kulengeza ukwati pansi pa mtengo ndi mlandu?"

"Ukwati wa ndani?"

"Wanga."

Anaseka mpaka ogulitsa anatembenuka. "Mayi, kalata ija ikunena za dzina la mpingo ndi nyumba yake. Za Mulungu sikunena, za mitengonso ayi. Ine loko ndinali naye mmodzi yekha."

Lamulungu tinasonkhana anthu khumi ndi asanu ndi anayi. A Hezron anabwera ndi amayi awo. Tinaimba bwino, koma itafika nthawi ya zolengeza, palibe anaimirira. Akulu ampingo ankaopa kuti woimirira patsogolo amutenga ngati mtsogoleri wa mpingo woletsedwa. Wina anati bondo likumupweteka, wina anati waiwala magalasi, chikhalirecho panalibe chowerenga. Wina anayamba kale nyimbo yotsekera.

Sindikudziwa chimene chinandinyamula. Ndinangozindikira ndaimirira, ndikunena kuti, "Ndikulengeza kachitatu ukwati wa Hezron Gondwe ndi Anesi Phiri." Mawu anga ngakhale nkhuku sinawamve.

Pomwepo njinga inaima pampanda. Anali a Limbikani, atavala yunifolomu. Wa bondo uja anali atayang'ana kale kothawira.

"Kwezani mawu, mayi!" anatero wapolisiyo. "Kumsewu kuno sitikumva. Kulengeza kwake n'kumeneko?"

Ndinabwereza mokweza, achemwali, mpaka ndinadabwa kuti mawu otero ankakhala kuti zaka zonsezi. Kenaka ndinafunsa monga afunsira abusa, ngati alipo wodziwa choletsa. Apongozi anakuwa m'Chitumbuka kuti, "Palije!" kutanthauza kuti palibe, n'kuyamba nthungululu. A Limbikani analiza belu la njinga, n'kumapita. A Hezron akundiseka mpaka lero, akuti akwatira abusa.

Ukwati tikamangitsa kwa DC pa 9 Ogasiti. Lamulungu likudzali tikumananso pansi pa mango pomwepo, opanda dzina, ndipo mtima wanga uli m'malo.

Pempho langa ndi ili. Muwauze amayi zoona, musakometse. Kawiri analengeza abusa m'tchalitchi, kachitatu ndinalengeza ndekha pabwalo, wapolisi ali mboni. Akati sizikuwerengeka, ndidzamva chisoni koma sindidzawakwiyira. Akati zakwana, muwakweze basi ya ku Mzuzu, ndidzakawachingamira ndekha. Muwatengere juzi, kuno kukuzizira chomene.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Kwa amayi moni wapadera. Muwauze kuti mwana wawo uja ankabisala kuseri kwa chitenje chawo alendo akabwera, anaimirira pamaso pa anthu chifukwa cha mawu awo. Mpando wawo ndaupempha kale, uli kutsogolo.

Ndine mng'ono wanu,
Anesi,
amene kuno ayamba kumutcha NyaPhiri mwa Chitumbuka.