Ulendo Wosathamanga

Lolemba, 8 Julaye 2024

Mwana wathu Thandizo waimba masana kuchokera ku Lusaka. Akuti iye ndi mwamuna wake Sankhani atenga tchuthi mu Ogasiti, ndipo akufuna kutitenga ine ndi bambo ake tikaone mathithi a ku Livingstone. Osati pa basi ayi. Abwereka galimoto yokhala ngati nyumba: mabedi m'kati, mbaula, kafiriji, ngakhale kachimbudzi. Watumiza zithunzi pafoni. Ndakulitsa ndi zala mpaka ndaona kuti m'mawindo muli makatani.

Akuti palibe chothamangira. Mukatopa mwaima, mwaphika tiyi, mwagona. Kukacha mwapitirira. Ndaseka. Ine chibadwire ulendo wanga uliwonse umakhala wa kumaliro kapena wa kuchipatala.

Ndawaonetsa amuna anga, a Mphepo. Ayang'ana nthawi yaitali, foni ili kudzanja lamanzere, lamanja lili pamwendo monga likhalira chiwagwirere sitiroko chaka chatha. Ati matayala ake ndi abwino. Basi.

Lachiwiri, 9 Julaye

Tsiku lonse kumunda, kuzula zitsa za fodya. Mphepo yozizira, fumbi m'mano. Ndimangoganiza kuti kodi munthu amavala chiyani akamapita kukangoona madzi. Mapasipoti alipo, T. (Thandizo) anatikonzetsa muja ankafuna kukawaonetsa bambo ake kwa madokotala a ku Lusakako. Langa silinadindidwepo.

Lachinayi, 11 Julaye

Aimbanso, ya vidiyo. Sankhani amawerenga njira: kuchoka Lusaka, kugona ku Mazabuka, kenako Choma masiku awiri pa famu ina imene imalola magalimoto otere, ndiye Livingstone. A Mphepo anali chete pampando wawo, mpaka atamva Mazabuka. Pamenepo anayamba. Mawu amatuluka movutikira, pakamwa popotoka, koma anatuluka. Za zitunda za Munali kuti malole amakwera ngati nkhalamba, musamawalondole pafupi. Za fungo la nzimbe zowotcha. Za mayi wina ku Monze amene ankagulitsa nkhuku yootcha pambali pa msewu, kaya alipobe.

Ayendetsa lole moyo wawo wonse, fodya kupita, feteleza kubwera. Msewu umenewo amaudziwa kuposa njira ya kudimba kwathu. Anatiuza kuti pa mlatho wa pamathithiwo adutsapo kosawerengeka, akumva madzi akulindima, nthunzi ikunyowetsa galasi, koma sanatsikepo kukaona. Katundu wa eni sadikira.

T. analira pang'ono. Sanawamvepo akulankhula chonchi chidwalire.

Ndiye pomaliza a Mphepo anati, "Muyende bwino ndi amayi anu. Ine sindipita."

Chifukwa? Nazale ya fodya. T. anangoti tikambirananso. Tonse tikudziwa kuti nazale timafesa mu Sepitembala.

Loweruka, 13 Julaye

Sitinalankhulane kupatula za madzi osamba ndi mankhwala.

Lamulungu, 14 Julaye

Kutchalitchi ndekha. Ulaliki sindinaumve.

Ndakwiya, ndipo pano ndikhoza kulemba. Zaka zonsezi iwo anali pamsewu, ine pano pa Chulu. Kuthirira nazale ine, kusoka fodya m'chigafa ine, kudinda mabelo, kuperekeza kumsika wa fodya ku Chinkhoma, ana akadwala kubereka kumsana. Iwo ankabwera ndi sopo wonunkhira ndi nkhani za maiko. Sindinadandaule. Atapuma ntchito ndinati tsopano tikhala ngati anthu. Sipanapite nthawi, matenda. Lero mwana akuti amayi bwerani muone dziko, iwo akuti nazale.

Akudziwa bwino kuti sindingawasiye. Ndani awamange mabatani? Ndani adziwe kuti akati "chija" akutanthauza chipewa?

Mwina akuchita manyazi ndi mkamwini. Nyumba ya m'galimoto ndi yopanikiza, chilichonse chimamveka. Zimenezo ndikanazimvetsa akanangonena.

Lachiwiri, 16 Julaye

T. watumiza mawu: galimoto ija eni ake akufuna yankho Lolemba likudzali, ena akuifunanso. Wafunsa ngati bambo ake amadyabe phala la mgaiwa m'mawa kuti agule ufa. Mwanayu sanataye mtima. Sindinamuyankhe.

Lachitatu, 17 Julaye

A Kalekeni anabwera pa njinga kuchokera ku Santhe. Ndi mnzawo wa a Mphepo wakalekale, ankayenda limodzi pa lole. Anakhala padzuwa kuseri kwa chigafa. Ine ndinali m'katimo kukonza mikangala yothyoka, nsungwi zopachikapo fodya zija, iwo osadziwa.

Ndinamva a Kalekeni akuwanyoza mwachinzawo, kuti dalaivala wanji wokana ulendo. A Mphepo anati: "Lefina watopa, Kalekeni. Chaka chathunthu akundinyamula ngati belo. Ndikapita nawo akandinyamulanso komweko. Apite yekha, akagone tulo."

Anapempha a Kalekeni kuti adzakhale nawo masabata awiri a ulendowo. Anali atakonza kale zonse m'mutu, ngakhale za amene adzaphike.

Ndinakhala pansi pa fumbi la fodya, nsungwi ili m'manja. Dzina langa sanalitchulepo chidwalire. Amangoti "amayi". Ndinkayesa linawathawa pamodzi ndi mawu ena aja.

Ndinatulukira mbali ina, ndinakawaphikira mbatata.

Lachinayi, 18 Julaye

Ndaganiza tsiku lonse. Zoona zake n'zakuti ndatopadi. Msana umandipweteka, ndipo masiku ena ndikamawasambitsa ndimachita mwaukali, iwo amaona. Kugona m'galimoto ya makatani popanda wondiitana ndikanakonda. Ndayesa kudziona nditaima pamathithi paja ndi T. ndi Sankhani. Zimatheka. Koma ndikatembenuka kuti ndinene kuti taonani, ndikuuza ndani?

Madzulo ndikuwadula zikhadabo ndinawauza kuti ndinali m'chigafa dzulo. Anafuna kuchotsa dzanja, ndinaligwira.

Ndinati kutopa ndatopa, sindikana. Koma ndinatopa kwambiri zaka zija ndinkagona ndekha ndikumvetsera malole akutali. Ndinati ku Zambiako kuli mkamwini wa mphamvu zake, kuli mwana wawo, anyamuleko nawonso, ine ndizikhala pawindo ngati bwana. Ndipo akakana, nanenso sindipita, tidzakhala pano tonse kuyang'anizana mpaka mvula.

Anati ndine wamakani. Ndinati anadziwa mochedwa.

Sanavomere. Sanakanenso.

Lachisanu, 19 Julaye

Apempha foni m'mawa, aimbira Sankhani okha. Ndinamva akufunsa kuti khomo la galimotoyo ndi lalitali bwanji kuchoka pansi, ndiponso ngati pali pogwira. Sankhani anati akayeza. Masana watumiza chithunzi, waima pakhomopo, sitepe ikumulekeza m'munsi mwa bondo. Chogwirira chili kumanzere. A Mphepo anati, "Kumanzere. Chabwino."

Loweruka, 20 Julaye

Ndikuchokera kudimba ndapeza a Kalekeni abweranso. Asanja njerwa pafupi ndi mzati wa chigafa, kutalika ngati sitepe ija, pamwamba thabwa. A Mphepo ataima patsogolo pake, ndodo ili pansi, dzanja lamanzere lagwira mzati.

Anakweza mwendo wabwino, wina uja unakana kutsatira. Anapendekeka, phewa linagunda mzati. Ndinataya ndowa ndikuthamanga. Anati, "Ayi. Khala pomwepo."

Ndinaima. Kuima kumeneko kunandivuta kuposa kuwanyamula.

Anapuma, thukuta ndi kuzizira konseku. A Kalekeni amayang'ana kumbali ngati akuwerenga nkhuku. A Mphepo anayesanso, akukoka mwendo wolemerawo pang'onopang'ono, nsapato ikukhula njerwa, mpaka unafika pathabwa. Anaima pamwambapo, wamtali ngati kale, akuyang'ana minda yopanda kanthu mpaka kumapiri.

Kenako anayang'ana pansi nati kukwera aphunzira, koma kutsika sanaganizepo. A Kalekeni anaseka mpaka kukhosomola. Ndinayandikira ndikuwapatsa phewa.

Atatsika anati ndimuuze Thandizo agule ufa uja. Mgaiwa, osati woyera.