Mzere wa Magazi a Kaphazi

Lamlungu, 9 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti amalume ayamba kupezako bwino m'manja mwanumo. Kuno mkamwini wanu ali bwino. Mdzukulu wanu waguluka mano akutsogolo, moti akamalankhula zikungomveka ngati akuimba likhweru. Mudabwa kuona kuti ine, wokhalira kompyuta tsiku lonse, ndagwira cholembera. Pafoni ndayesapo kangapo, koma ndikangomva mawu anu nkhaniyi ndimailambalala, n'kumangokufunsani za nyengo. Choncho khalani pansi, Amayi, muwerenge mpaka kumapeto musanaimbire munthu aliyense.

Nkhani ndi ya chitsirizira wanu, mng'ono wanga Kaphazi. Anakuuzani kuti wayamba wasiya kuthamanga chifukwa wavulala kakolo. Kakolo wake ali bwinobwino.

Ndiyambire pa ntchito yanga, poti ndi imene inaulula zonse. Paja inu mumauza anzanu kuti ndimakonza makompyuta. Sindikonza, Amayi, ndimalemba mapulogalamu, ndipo chaka chino ndinapeza ntchito kuchipinda choyezera othamanga, chimene chili kunsi kwa mipando ya bwalo la masewero. N'kachipinda kotsika denga, konunkhira thukuta ndi sipiriti. Pakati pali makina a lamba woyenda, amene munthu amathamangapo osachoka pamalo. Adokotala a pamenepo, mayi wachikulire wosachulutsa mawu, amawonjezera liwiro la lambayo pang'onopang'ono. Akafuna kuwonjezera, amayamba abaya chala cha wothamangayo n'kutenga kadontho ka magazi.

Chimene amayeza m'magazimo ndi lakiteti. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa chinthu chimenechi, ndipo munthu akamapita mofatsa thupi limachichotsa bwinobwino. Liwiro likakula chimayamba kuunjikana, ndipo posakhalitsa miyendo imalemera. Kale adokotala ankangowerengera othamanga manambala, iwo n'kumagwedeza mitu osamva kanthu. Ntchito yanga inali yopanga kachigawo ka pulogalamu kojambula tchati. M'munsi, kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndi liwiro. M'mbali, kukwera m'mwamba, ndi lakiteti. Dontho lililonse la magazi limasanduka kadontho pasikirini, ndipo mzere wofiira umalumikiza timadonthoto. Poyamba mzerewo umagona, kenako umapindika n'kuyamba kukwera. Popindikirapo iwo amati pachigongono. Wothamanga akakhala wamphamvu, chigongono chake chimakhala kutali kumanja.

Ndinawonjezera nzeru yanga, ndipo ndinkanyadira: zotsatira zakale za munthu yemweyo zizioneka kumbuyo ngati mzere wotuwa, kuti aone mmene wasinthira. Poyeserera ndinagwiritsa ntchito za Kaphazi za chaka chatha, iye atandilola. Ankaima kumbuyo kwanga akutafuna buledi, nyenyeswa zikugwera pakiyibodi, n'kumati, "Achemwali, ndiye kuti thukuta langa lonse lija ndi kanyongolotsi aka?"

Tsiku loyamba kugwiritsa ntchito tchaticho pa anthu enieni linali loyeza amene akufuna kulowa timu yopita ku mpikisano waukulu wakunja. Mukudziwa kuti mwana wanu wakhala akuulota mpikisanowu kuyambira ali pasukulu. Anakwera palamba akuseka, n'kunditsinzinira diso. Ine ndinakhala pakona ndi kompyuta, akochi ake ataima pambali panga, manja m'thumba.

Kadontho koyamba kanagwera pamwamba pang'ono pa mzere wotuwa. Ndinati mwina thukuta lasakanikirana ndi magazi. Kachiwiri kanakwera. Kachitatu kanakwereratu. Mzere wofiira unapindika msangamsanga, pa liwiro limene chaka chatha ankathamanga akucheza, pamene wotuwa uja unali chigonere, ulendo wakumanja. Kaphazi sankaona sikirini, ankaona nkhope zathu.

"Zikuoneka bwanji?" anafunsa ali wefuwefu.

Akochi anakwinya nkhope. Lamba yekha ndiye ankamveka.

Atatsika, akochi anandiyang'ana. "Mayi, pulogalamu yanuyi ndi yatsopano. Yalakwitsa penapake."

"Mwina," ndinatero.

Amayi, chiyambire ntchito sindinapempherepo kuti ndipezeke wolakwa, koma tsiku limenelo ndinapemphera. Kunyumba ndinafufuza pulogalamu yonse, malo ndi malo. Kenako ndinatenga pensulo ndi rula m'chikwama cha mdzukulu wanu, n'kujambula ndekha papepala. Chigongono chinagwera pomwepo. Adokotala anati Kaphazi apume kaye, adzayezedwenso. Anapuma, anayezedwanso, mzere unabwera momwemo.

Madzulo ake anandipeza kukhitchini ndikutsuka mbale. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta, chinthu chimene sachita popanda kutumidwa.

"Achemwali, osankha timu sabwera kuchipinda kuja. Amangoona tchati."

"Ndikudziwa."

"Mzere wotuwa uja si wanga womwe? Simunaube kwa munthu. Mungousintha deti, ukhale wofiira."

"Sindingathe."

"Simungathe kapena simukufuna?"

Ndinatseka mpopi. "Sindikufuna. Tandiuza, iwe, n'chifukwa chiyani masiku ano ukumaima pakati pa masitepe ngati ukuyang'ana foni? Nanga mapilo onse a pabalaza akukatani kuchipinda kwako?"

Anayang'ana pansi. "Ndikagona chagada mpweya umandichepera. N'kutopa chabe. Mundisiye ndipite, ndikabwerako mudzandiyeze mmene mungafunire."

Nditakanabe, anaika mbale pansi mwaulemu, ndipo ulemuwo unandiwawa kuposa akanaiswa. "Mwandidula miyendo ndi kamzere kanu," anatero. Analongedza kachikwama n'kupita kukakhala kwa mnzake wothamanga naye. Foni yanga sankayankha. Mkamwini wanu ankandiuza kuti ndachita bwino, koma chakudya sichinkatsika.

Amene anamugonjetsa ndi adokotala aja. Anamuitana n'kumuuza kuti tchati sichitchula matenda, chimangosonyeza kuti minofu sikulandira mpweya wokwanira, ndipo chifukwa chake chiyenera kupezeka. Anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kumulembera kuti akaunikidwe mtima kuchipatala chachikulu. M'mawa wa tsiku lokaunikidwalo ndinalandira uthenga woyamba wa Kaphazi chichokere kunyumba: "Mundibweretsere juzi, kuno kukuzizira." Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinanyamula juzilo n'kuthamangira kuchipatalako.

Tinakhala pabenchi, juzi lili pamiyendo pake. Atamuunika, dokotala wa mtima anatiitanira mkati tonse awiri. Mumtima muli tizitseko timene timatseguka ndi kutsekeka kuti magazi adutse. Kamodzi ka Kaphazi kachepa, kauma, ndipo magazi akudutsa movutikira. Dokotala wa mtima akuti zinayamba ndi matenda a pakhosi ali mwana.

Pano ndikudziwa zimene mwayamba kuganiza, Amayi. Mukuwerenga zilonda zapakhosi zonse zimene anadwalapo, n'kumadzifunsa kuti ndi liti limene simunapite naye kuchipatala. Lekani. Funso lomwelo ndinafunsa m'malo mwanu. Dokotalayo anati ana ambiri amadwala pakhosi n'kuchira, kholo osaona chodabwitsa chilichonse, ndipo kachitsekoko kamawonongeka mwakachetechete kwa zaka. Anadabwa kuti mtsikanayu wafika patali chonchi ndi mtima woterewu. Nditafunsa kuti chikanachitika n'chiyani akanapita kumpikisano, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Sindinafunsenso.

Adzamuchita opaleshoni kumapeto kwa mwezi uno. Akuti ambiri amachira n'kukhala moyo wabwino, kugwira ntchito, ngakhale kubereka, ngati akuonedwa ndi madokotala. Za mpikisano anati tisaikepo mtima.

Kaphazi anabwerera kunyumba. Tsiku limene timu inanyamuka anadzitsekera m'chipinda, ndipo ndinaletsa mwana kugogoda. Nsapato zake zothamangira anazichapa, anaziyanika pawindo, mpaka lero zili pomwepo. Amadya, amamwa mankhwala, amathandiza mdzukulu wanu homuweki. Koma m'mamawa, nthawi imene ankatuluka kukathamanga, ndimamumva akuyendayenda pabalaza.

Dzana anabwera patebulo langa n'kukoka mpando. "Tandionetsani," anatero. Chiyambire anali asanachiyang'ane tchaticho. Ndinatsegula. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika chala pamene mzere wofiira unapindikira.

"Apa m'pamene ndinamva ngati munthu wandikhalira pachifuwa. Ndinkadziwa, Achemwali. Kungoti sindinkafuna kuti wina adziwe."

Anatsetsereka chala kupita kumanja, kutsata wotuwa uja mpaka pothera. "Koma uyunso ndinali ine."

"Unali iwe," ndinatero.

"Chinthu chimodzi mukonze. Munthu akamathamanga, ena asamaone mzere wake ukukwera. Ine ndinauona pankhope ya akochi ndisanatsike n'komwe. Aziuona iye ndi adokotala, awiriwiri, atapeza kaye mpweya."

Ndinakonza tsiku lomwelo, iye ali pomwepo. Tsopano sikirini imaonetsa liwiro lokha mpaka kuyeza kutatha, ndipo tchati chimatseguka adokotala akadina. Palibe anapepesa mnzake. Anangotsamira mutu paphewa langa ine ndikulemba, mpaka dzanja linachita dzanzi, koma sindinalisunthe.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti amalume akudalira inu, ndipo ndalankhula kale ndi azakhali, avomera kudzakhala nawo mpaka mutabwerera. Sindinawauze zambiri, ndinafuna muyambe mwamva inu. Bwerani, Amayi. Ine ndingathe kulankhula ndi madokotala, kusaina mapepala, kugona pabenchi. Koma akamadzamukankha pakabedi kupita naye kuchipinda cha opaleshoni, nkhope imene adzaifunefune si yanga. Mutiuze tsiku, mkamwini wanu adzakuchingamirani kudepoti. Mukadzamuona, musadzayambe ndi kumufunsa chifukwa chimene anakunamizirani. Waonda pang'ono, musadzadzidzimuke.

Mupereke moni kwa amalume, muwauze kuti tikuwakumbukira m'mapemphero. Mkamwini wanu akupereka moni. Mdzukulu wanu akuti mubwere msanga mano asanamere, mudzaone mpata wake.

Kaphazi wandipeza ndikulemba tsamba lomalizali. Sindinabise, ndamuuza kuti ndakufotokozerani zonse. Ndimayembekeza kuti akwiya, koma wangoima pakhomo atagwira chitseko. Ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndiikemo. Wati, "Muwauze kuti asadandaule, ine sindikuopa." Ndalemba. Wafika pakhonde, wabwereranso. "Ayi, fufutani zimenezo. Muwauze kuti abwere."

Sindinafufute, Amayi. Ndakutumizirani onse awiri monga wanenera.

Ndine chisamba wanu wokukondani,
amene akudikira yankho lanu.