Mpango wa yelo pa damu la ku Norton

Loweruka

Lestina 10:12
ndalowa mu paki ya pa damu. pageti andifunsa ngati ndine mlendo. ine, wobadwira pa komboni ku Selous

Filesi 10:20
zaka zonse zija kunja ku Leeds achemwali, akufunseni chani nanga

Lestina 10:22
nthawi ya Chitaganya tinalowa muno pa lole ya bwana ngati mabelo a fodya, koma madzi anali oyera. lero ndi namasupuni ndi utsi wa braai. mbidzi nazo zangoima ngati zili pa ganyu

Lestina 10:41
[chithunzi]
mtengo uja ulipo. pomwe gule wa pa famu yathu anavinira azungu Khirisimasi ya 62

Filesi 10:58
mtengo mwaupeza. manda a alamu anu mpaka pano simunapondeko

Lestina 10:59
manda ndi ako. unamutenga wamoyo, usunge ndi wakufa yemwe

Filesi 11:03
sindinatenge munthu ine. munakwera sitima nokha ndi mabuku anu

Lestina 11:05
undiyankhe chimodzi basi. chilombo chija chinadumpha atsikana onse, ndi iwe yemwe, n'kudzagwada kwa ine. ndinalibe chosupa, ndinamasula mpango wanga wa yelo n'kuchipatsa. anali Elifasi?

Filesi 11:06
maiwe achemwali! gule alibe dzina. mwaiwala ndi zimenezo?

Lestina 11:07
usandiphunzitse mwambo ndi yunifolomu yako ya kutchalitchi. miyendo ya mwamuna wako sungaidziwe?

Lestina 11:30
Filesi

Filesi 12:14
[voice note 0:06]

Lestina 12:15
muli nkhuku zokha umu. yankhula

[missed call 12:40]

[missed call 13:25]

Filesi 15:02
[chithunzi]
dzina sinditchula. mpango uwu ndinaupeza pansi pa sutikesi yake titangokwatirana. ndikaubisa ankagudubuza nyumba yonse, osanena chomwe akufuna. ndinkaubwezera ndekha

Lestina 15:03
ndi womwewo. ndikubwera kudzatenga

Filesi 15:09
pic ndi ya chaka chatha iyo. anachita kupempha ali ku chipatala, ana ali pompo. ndinauchapa, kuusita, kuuika m'bokosi lake la maliro ndi manja angawa

Filesi 15:10
ine anandisiyira sutikesi yopanda kanthu. ndiye manda ndi a ndani?

Filesi 15:48
kombi za ku Selous zimavuta kukada. mukatsika pa grosa, njira ya kumanda ndi yomwe ija, kuseri kwa mabani a fodya

Filesi 16:30
achemwali?