Tambala Amene Ndinapita Naye ku Harare

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Mandeya tilipo, kungoti chaka chino chatipweteka. Chimanga chinapsa, m'masitolo mwangotsala mashelefu, tikudalira nthochi zophika. Mkazi wa mwana wanga Josefe wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Zilembo zokhotazi musadabwe nazo. Kusukulu sindinapondeko, ndinaziphunzira pa mabokosi a tiyi, ndipo wondilembera sindimufuna.

Nkhani yaikulu ndi ya Rudo, chitsiriza wanga, uja munamusiya akuyamba sekondale. Anamaliza za makompyuta ku koleji n'kungokhala pakhomo. Kampani ina ya makompyuta ku Harare itamuitana ku intaviyu, anandiuza poyera kuti akalephera ulendo uno awoloka mtsinje wa Limpopo kukafuna ntchito kunja. Mukudziwa kuti mlongo wake Tendai anawoloka, mpaka lero sitinamve mawu ake. Ntchitoyo akuti ndi ya analisiti, kuyang'ana manambala n'kumauza mabwana kumene zinthu zikulowera.

Inu munkati, "Mwana wokhala ndi kwawo sakapempha ntchito yekha." Ine munandiperekeza kwa kapitawo pa esiteti mutanyamula nkhuku, n'kumuuza kuti uyu ndi wanga, saba, akalakwa mubwere kwa ine. Ndinathyola tiyi pamenepo mpaka imvi. Ndiye tsiku la intaviyu litayandikira ndinagwira tambala wanga wofiira. Rudo analira, mayi ake anandinena, koma basi ndinakwera.

Nyumba ya kampaniyo ndi yagalasi yokhayokha. Mlonda anandiimitsa pageti, Rudo analowa yekha atavala suti yobwereka. Ndinakhala pamwala, tambala ali m'thumba mutu uli kunja. Masana anatuluka ndi mayi wina wamng'ono, wovala buluku. Maso a Rudo anandiuza kuti kapitawo wake ndi ameneyu. Ndinavula chipewa, ndinaomba m'manja, ndinanena mawu anu aja m'Chishona osasiya limodzi. Tambala naye anasankha nthawi yomweyo kulira.

Mayiyo sanaseke. Anati mphatso yobwera asanasankhe munthu kwawoko amaitcha chiphuphu, ikhoza kumuwonongera mwana mwayi, ndipo ayenera kukawauza anzake. Ndinamuyankha kuti chiphuphu amachipereka kuseri, ine ndabwera pageti dzuwa likuswa mtengo. Rudo anali akunditsina pamkono.

Munkatinso, "Nkhuku yokapempha ntchito sibwerera kukhola." Ndinaipereka kwa mlonda. Iyeyo analandira ndi manja awiri, ankaoneka kuti nyama anaiiwala kalekale.

Njira yonse yobwerera Rudo anandifulatira. Titafika anayamba kulongedza chikwama, n'kumafunsa anthu za maminibasi opita kumalire ku Beitbridge. M'mawa uliwonse ankakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi, kumene foni imagwira, n'kutsika pang'onopang'ono. Ine ndinkapita kudimba ndi khasu n'kubwerako lilibe dothi. Ndinaona kuti mwana wachiwiri akundichoka.

Lachisanu lapitali anatsika akuthamanga. Amutenga, Amayi. Akuti mayeso a pakompyuta anakhoza kuposa anzake, ndipo mayi uja anamutuma kuti adzandiuze ndizisunga nkhuku zanga. Rudo akuti ntchito waipeza ndi mutu wake, tambala anangotsala pang'ono kumulanda. Sindikumutsutsa, mutu ali nawodi. Koma anzakewo anapita okha, iye anthu anaona kuti ali ndi kwawo. Chikwama chija sanachimasule, changosintha njira, chikupita ku Harare.

Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndimutenga Rudo adzakuuzeni yekha mbali yake. Thadzi lamawanga likufungatira mazira a tambala uja. Mbewuyo ndiisunga, chifukwa mnzanu wa dzinayu nayenso adzafuna ntchito, ndipo ndikadzakhala ndilipo sadzapita yekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Laisoni