Kaliwo wa Bambo

Etobicoke, Toronto
16 Novembala 1997

Wokondedwa mlongo wanga Anastazia,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu a Boniface ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chayamba kale kuluma makutu.

Kalata yako inafika Lachiwiri, ndipo kuchokera tsikulo chakudya sichikulowa. Ukuti akuluakulu a tchalitchi awaimitsa bambo kuphunzitsa katekisimu chifukwa cha kaliwo amene ndinawatumizira, ndiponso mudzi wonse ukunena kuti mwana wawo akugulitsa chamba ku Canada.

Wolakwa ndine, mlongo wanga. Tamva mmene zinayendera.

Mu Julaye, ndikuweruka kuntchito m'tauni, ndinaona kaliwo wagalasi pawindo la kasitolo kena, atamujambula tsamba lobiriwira. Ndinakumbuka kaliwo wa bambo wong'aluka uja, womanga ndi waya. Tsambalo ine ndinati ndi la chinangwa! Ndinachita kumuuza mwini sitoloyo kuti kwathu masamba amenewa timadya otendera, ndipo bambo anga ali ndi munda wathunthu. Anaseka mpaka misozi, amvekere akufuna adzacheze kwathu. Ine n'kumati koma mzungu uyu ndi wansangala.

Wanditsegula maso ndi mwana wanga Cynthia. Ataona chithunzi munatumiza chija, bambo ali pakhonde kaliwo ali m'manja, anandifunsa m'Chingerezi, monga mwa chizolowezi chake, ngati agogo amasuta chamba. Kenako anandionetsa nyuzipepala. Sitolo ija apolisi anakalandako katundu.

Kuno malamulo ali pa mkangano. Mowa akuti uyamba kugulitsidwa ngakhale Lamulungu, ndipo ena akulimbikira kuti zosutira chamba nazonso zizigulitsidwa poyera. Koma pakadali pano n'zoletsedwa. Ndiye ine, munthu woyeza magazi m'chipatala, ndinakagula chinthu choletsedwa, n'kuchikulunga bwinobwino, n'kulembapo kuti "Kwa bambo anga okondedwa." Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ine ndinakatola wa m'windo.

Koma chandipweteka kwambiri ndi mawu ako omaliza. Ukuti bambo atamasula phukusi anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenako anangoti mwana wawo wawakumbuka. Anastazia, bambo chamba amachidziwa. Si iwo kodi anazula cha msuweni wathu kudimba chaka chija? Anazindikira pomwepo. Komabe anavala jekete, n'kukhala pakhonde, n'kujambulitsa kuti ine ndisangalale. Ngakhale pamaso pa akuluakulu akukana kumutaya, ati mphatso ya mwana satayira kudzala.

Ndili ndi manyazi osaneneka.

Ndikukupempha chinthu chimodzi. Ukalandira kalatayi, Lamulungu lotsatira Misa ikatha, upite nayo kwa akuluakuluwo, uwawerengere yonse. Usadumphe za chinangwazo. Aseke mmene angathere, bola aseke ine, bambo abwerere kukaphunzitsa ana awo a katekisimu.

Kaliwoyo umuswe pamwala. Wina wamtengo ali m'njira, wopanda chojambula chilichonse, ndipo pokagula ndinapita ndi Cynthia.

Upereke moni kwa amayi, alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni. Kwa bambo ukagwade m'malo mwanga. Ukawauze kuti mwana uja anamugulitsira ng'ombe kuti aphunzire, mpaka lero sasiyanitsa chinangwa ndi chamba.

Ndine mlongo wako,
Norbert