Malovu a anthu a malaya achikasu

Lachinayi, 6 Febuluwale
Sukulu yakale ya boma yakwanitsa zaka zana. Mzinda wonse wa Iloilo malipenga. Nkhalamba zochokera ku Manila ndi kunja, gulu lililonse malaya akeake. Nthochi zanga zokazinga zatha msanga pageti.
Bambo ena a imvi, malaya achikasu, awerama pa mwana wanga Dindin: "Koma kamwana kokongola!" Basi, apita. Osanyowetsa chala ndi malovu, osamupaka pamimba monga mwa mwambo. Ndimafuna kuwaitana. Munthu wa nsapato zotero ungamuyambe bwanji?

Lachisanu, 7 Febuluwale
Dindin akusanza, akutsegula m'mimba. Bere akukana. Manang Pacing, mayi ogulitsa nsomba zouma, angomuyang'ana: "Usog uyu, Inday. Diso la mlendo. Amene anamuyamika, yemweyo amupake malovu. Apo ayi..." Inday ndi ine, kuno ndi mmene amatiitanira ife akazi achichepere.
Mwamuna wanga Rodel ali panyanja, foni siikugwira. Amayi anga kutali, ku chigawo cha Antique. M'nyumba kulira kwa mwana, kunja kulira kwa sitima.

Loweruka, 8 Febuluwale
Ndalowa m'sukulu muja. Zaka zonsezi pageti, m'kati sindinapondemo. Ndinalekera ku pulayimale ine. Alonda, Manong Berting, andiseka: "Wabwera kudzalembetsa, Inday? Wachedwatu pang'ono!" Ataona mwana, kuseka kwatha. Akuti achikasu ndi amene anamaliza mu 1968. Awolokera ku chilumba cha Guimaras kukasangalala. Abwera mawa pa boti, kenako aliyense kwawo.
Khonde lalitali, masitepe a matabwa odyeka pakati. Pakhoma zithunzi za ana, nkhope zosalala. Bambo aja ali pomwepo ndithu, koma imvi alibe.
Liwombo la Dindin lalowa. Ndikuopa.

Lamulungu, 9 Febuluwale
Padoko chim'mawire. Boti lafika. Achikasu okhaokha, onse imvi. Mulungu wanga! Bambo aja sindinawazindikire.
Ndakuwa, ine amene: "Ndani anayamika mwana wanga Lachinayi?"
Ayang'anana. Wina: "Ndi Doming ameneyo, chachikazi chilichonse amayamika!" Kuseka. A Domingwo akuti sakukumbuka ngakhale zimene adya m'mawa. Ndiye angofola onse. Chala pakamwa, chala pamimba, "purya usog, choipa chichoke." Kamimba mpaka kunyowa.
Omaliza mayi afupiafupi, akuti anali namwino. Apaka nawonso, kenako agwira liwombo. Nkhope yasintha. "Malovu takupatsa, Inday. Tsopano akufunika madzi. Kwera galimoto iyi, usandiyankhe."

Lachiwiri, 11 Febuluwale
Kuchipatala. Diripu pakamkono. Achikasu onse anabalalika, mayi aja dzina sindinawafunse.
Adokotala akuti chamupulumutsa ndi madzi. Manang Pacing akanena kuti ndi malovu. Ine sindikudziwa, ndipo womufunsa palibe.
Rodel foni zii.
Dindin watsegula maso. Akukoka bulauzi, akufunafuna bere. Ndisiye kaye cholembera