Mudzi wadothi pabwalo la sukulu

Lachinayi, Febuluwale. Tsiku loipa. Tsaya langa likuyakabe.

Teremu ino maphunziro onse tikuwamanga pa mutu umodzi, madzi. Dzulo ana anga a Sitandade 4 anaumba mudzi wadothi pabwalo, aliyense nyumba yakwawo. Ine ndinakhuthulirapo zidebe kuti aone mmene mtsinje wa Shire umasefukira. Nyumba zinagumuka, ana n'kumakuwa mosangalala. Fatsani yekha anangoyang'anitsitsa kanyumba kake kakugumuka.

Lero m'mawa bambo ake alowa m'kalasi ndi mpini wa khasu. Amenya tebulo langa mpaka kung'aluka, kenako andiwomba mbama ana onse akuona.

"Aphunzitsi, inu ndinu akumtunda, madzi mumawaona m'chidebe! Mayi ake a mwanayu anapita ndi madzi, mtembo sitinauone. Ndiye mwamugwetseranso nyumba?"

Ndapsa mtima koopsa. Ndimafuna munthu ameneyu akagone m'chitokosi, ndipo a hedi anavomera kuti tikanene kupolisi. Koma potuluka ndapeza Fatsani atagwada padzuwa, akuumbanso kanyumba kake kaja, ulendo uno pamwamba pa chulu.

Kupolisi sindinapite. Mawa mutu ndi womwewo, madzi, ndipo sindikudziwa kuti ndikayambira pati.